Botolo Lija Ndalichotsa mu Nsapato

Limbani mwana wanga,

Botolo lija ndalichotsa mu nsapato. Usavutike kukhuthula chikwama. Ndalichotsa ndine mayi ako, masana ano, iwe uli ku Oadby kotsanzikana ndi anzako. Sindimafufuza ayi. Ndimafuna kulowetsa masokosi aubweya mu nsapato zako zakuda zija kuti malo asawonongeke, ndiye dzanja langa lagunda chinthu cholimba chokulungidwa mu mpango. Potulutsa ndaona kabotolo ka mafuta odzozera, kaja kali ndi chithunzi cha nkhunda. Ndatsegula, ndanunkhiza, ndakhala pansi pa bedi lako. Ndakalambira pa unamwino ine, fungo la mafuta a chamba sindingalisokoneze ndi la maolivi.

Sindinakwiye, ndachita mantha basi. Kenako ndatsika kudzafuna cholembera. Ndikudziwa kuti tikati tikambirane pakamwa undipambana. Uyamba kundiyankha m'Chingerezi chako chothamanga, undiuza kuti zonse zili bwino, undipsompsona pachipumi, ine n'kuiwala zimene ndimafuna kunena. Ndiye ndalemba, ndipo ndalemba m'Chichewa dala, poti Chichewa umawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala. Uwerenge choncho, pang'onopang'ono.

Chimene wachitira zimenezi ndikuchidziwa. Ndinalipo galimoto ija itakugunda uli pa njinga. Ndinalipo madokotala atalumikiza mafupa, koma mitsempha ya mwendo n'kukana kuiwala. Ndimakumbukira mapiritsi amphamvu aja, mmene ankakusanzitsira, mmene unkayendera m'nyumba muno ngati chidakwa chikhalirecho mowa sunaulawepo. Dokotala wa ululu atatchula mafuta a chamba, ine amene ndinakula ndikumva kuti chamba n'cha amisala, ndinamuyang'ana ngati wanditukwana. Koma tsiku loyamba limene unagona mpaka dzuwa kutuluka, ndinaima pakhomo la chipinda chako kuonetsetsa ngati ukupuma, ndipo ndinalira. Ndiye sindikudabwa kuti mawa ukuopa kukwera ndege wopanda botolo lako. Kwa iwe kulisiya n'kusiya tulo. Komabe ulisiya, ndipo undimvetsere chifukwa chake.

Ulendo wanga woyamba wa ku America, iwe usanabadwe, azakhali ako aakulu a ku Dedza anandipatsa kaphukusi koti ndikapereke kwa amalume ako. Anati achimwene akhala nthawi yaitali osalawa zakumudzi. Munali mbewa zouma, zoyalidwa bwino pa timitengo. Ndinkadziwa kuti nyama salola, choncho ndinazikulunga m'chitenje, n'kuzikankhira pansi penipeni pa chikwama, ndikudziona wochenjera. Pa eyapoti kagalu kakang'ono ka makutu ogwa kanabwera n'kudzakhala pambali pa chikwama changa mwaulemu wonse. Mayi wa yunifolomu anamasula chitenje chija atavala magolovesi, anthu akuonerera, mbewa zili ndevu pamtunda. Lero timaseka, koma tsiku limenelo ndinakhala m'kachipinda kopanda zenera kwa nthawi yaitali, akundifunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza. Potsiriza mayi uja anandiuza mofatsa kuti ndikanangonena poyamba, akanazitaya n'kundilola kupita. Chimene chinawavuta si mbewa ayi, koma kubisa kuja. Munthu wobisa chimodzi amamuganizira kuti wabisa zambiri.

Zimenezo zinali mbewa, Limbani, ndipo ine ndinali mtsikana wooneka wachimidzimidzi, womvetsa chisoni. Iwe ndiwe mnyamata wakuda, wamtali, wandevu, ndipo mu nsapato mwako munali chamba chothiridwa m'botolo la dzina lina. Kuno pepala la dokotala wako lili ndi mphamvu. Pachipata cholowera ku America lilibe, poti amene amalondera chipatacho ndi boma lalikulu la dziko lonse, ndipo lamulo lake silinavomereze zimene masiteti ena, zigawo za dzikolo, anavomereza. Pasipoti ya kumeneko uli nayo, inde, poti ndinakuberekera komweko, koma pasipoti imangokutsegulira khomo, sikufufutira mlandu. Sukulu imene wailimbikira chonchi ingathe pa tsiku lofika, usanaone ndi kalasi yomwe.

Komanso kabotolo ka nkhunda kameneka kanatilanga kale, waiwala? Chaka chija azimayi a felosipu ankasonkhana kuno kwathu ku Evington Loweruka masana. Iwe, poopa kuti wina aona dzina la mankhwala pa shelefu n'kuyamba kundinena kuti namwino akusunga chamba m'nyumba, unatsanulira mafuta ako m'kabotolo kameneka osandiuza. Mapemphero atafika pachimake, Amai Zulu a ku Spinney Hill, a ku Zambia aja, anatambasula dzanja n'kukatenga. Anadzoza aliyense pachipumi, ine ndemwe, osaumira. Anadzoza chitseko, anadzoza ndi mafungulo a galimoto ya Mayi Banda imene inkavuta kulira. Pomaliza ananunkhiza zala zawo n'kunena kuti, "Iyi mafuta ni ya ku Israel zoona, imveka na fungo." Iwe unali pa masitepe, nkhope itagwa. Azimayi anapita kwawo ali odala, mafuta ako atatsala madontho. Ku kiliniki sakanakupatsa ena nthawi isanakwane, ndipo masiku otsalawo ndinkakumva ukuyendayenda m'chipinda, kuluma pilo kuti ndisamve. Nditakufunsa unangoti sunafune kundichititsa manyazi.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse. Ndiwe mwana waulemu, ndipo ndimanyadira. Sunayankhepo munthu wamkulu mwamwano, ukapatsidwa chinthu umalandira ndi manja awiri ngakhale unakulira ku Leicester. Koma ulemu wako uli ndi kachilema. Ukaona kuti choonadi chikhumudwitsa wamkulu, umachibisa, ululu n'kuusenza wekha. Kuno zimenezo zinkangokutayitsa tulo. Kumene ukupita zingakutayitse ufulu.

Ndikuuze za msewu. Sukulu yako ili ku Michigan, amalume ako ali ku Indiana, masiteti oyandikana, ndipo sipatali. Ndili kumeneko, iwe uli kumsana, tinkawoloka kawirikawiri kukagula zipatso kwa alimi. Nthawi yoyamba ndinafunsa achimwene kuti malire tifika liti, iwo anaseka n'kundiuza kuti tawadutsa kale. Ine ndinkayembekezera za ku Dedza kapena ku Mchinji, mpiringidzo, asilikali, mzere wa malole, munthu wodinda pasipoti. Kunalibe chilichonse. Kachikwangwani chabe m'mbali mwa msewu, chimanga mbali iyi, chimanga mbali inayo. Malire oterewa ndi amene ndimawaopa, poti sakukumbutsa kuti uyang'ane m'thumba. Ku Michigan mafuta akowa ndi mankhwala, akuti mpaka m'masitolo amagulitsa kwa akuluakulu. Ukangodutsa kachikwangwani kaja, botolo lomwelo, m'thumba lomwelo, ndi mlandu. Wapolisi sasowa chifukwa choimitsira galimoto, nyale imodzi yakumbuyo ikwana. Tsoka silinunkha, mwana wanga, koma mafuta akowo amanunkha.

Ndiye ukafika, usanagule ndi makatani omwe, ukapeze dokotala. Umupatse mapepala onse a kuno, ndawaika mu envelopu ya bulauni m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi mapiritsi amene dokotala wako analemba kuti akuthandize pa ulendo ndi masiku oyamba. Ndikudziwa umadana nawo, koma ndi a kanthawi. Usathamangire ku sitolo chifukwa mnzako wa m'kalasi wati akudziwa mafuta abwino. A kumeneko mphamvu zake n'zosiyana ndi a kuno, dokotala ndiye akuuze muyezo, akuthandizenso kupeza khadi la odwala. Ukawapeza, akhale m'botolo lake, dzina lako likuoneka, m'nyumba mwako. Ukamwa usagwire chiwongolero. Ndipo khadi limenelo usalione ngati chiphaso choyendetsera galimoto chimene chimagwira paliponse. Masiteti ena amalilemekeza, ena amangoliona ngati kapepala, ndipo malamulo awo amasinthasintha. Zimene ndikukuuzazi mwina chaka chamawa zidzakhala zina. Ulendo uliwonse, kaya wa basi, kaya wa ndege, kaya anzako akuti tiyeni tikaone nyanja, uyambe wafunsa za kumene ukupita ndi konse kumene udutse. Safunsa anadya phula.

Koma za anzako sizikundidetsa nkhawa kwambiri, amenewo umatha kuwakana. Amene sutha kuwakana ndi ife, anthu akwanu.

Kumbuka maliro a bambo Chirwa ku Nottingham. Ukudziwa mmene timachitira kunja kuno. Thupi limadikira mapepala kuti lipite kumudzi, ndipo masiku onsewo nyumba ya maliro sikhala yokha. Azimayi pansi pa kapeti, azibambo pa mipando m'khitchini ndi m'galaja, wochokera ku shifiti amafikira pomwepo ndi yunifolomu yake. Iwe unapita kukagona nawo monga mwana wa pa mpingo, ndipo mafuta unawasiya kunyumba. Kuno lamulo linkakulola kuwanyamula, Leicester ndi Nottingham lamulo ndi limodzi, koma unaopa kutulutsa botolo pamaso pa madikoni. Unapirira pa mpando wapulasitiki osauza munthu. Tsiku loperekeza thupi ku eyapoti anakuitana kuti ugwire nawo bokosi, unaimirira, mwendo unakana, unagwa pamaso pa anamfedwa. Anakunyamula ndiwe m'malo moti unyamule. M'galimoto pobwerera, titafika pa London Road, unandipepesa, ngati kuti kudwala ndi mwano.

Tsopano ganizira za ku Indiana. Amalawi ndi ambiri kumeneko kuposa kuno, ndipo sabata sipita popanda chinkhoswe, shawa ya mkwatibwi, kapena maliro. Amalume ako akudikira kuti azikutenga Lachisanu lililonse, ukagone kwawo, Lamulungu mupite limodzi ku tchalitchi akakuonetse kwa anthu. Chipinda anakonza kale. Ndipo pali china chimene tonse timachidziwa koma sitichitchula. Impso zawo zinatopa, amakhalira makina otsuka magazi, ndipo pa vidiyo waona wekha mmene kolala ya shati ikuwakulira. Tsiku lina, iwe uli kumeneko, foni idzalira. Ndiwe mwana wa mlongo wawo, kwathu amenewo ndiwo eni maliro. Anthu adzayembekezera kuti mpando wako ukhale pakhomo usiku uliwonse mpaka thupi litanyamuka. Ndikukudziwa, Limbani. Udzaima m'chipinda chako botolo lili m'manja, ndipo udzaona njira ziwiri zokha, kulibisa mu nsapato kapena kulisiya n'kukagwanso pamaso pa anthu.

Njira yachitatu ilipo, ndi kunena. Ndinkafuna unene wekha, ndiwe wamkulu, matenda ndi ako. Koma nditaona nsapato ija ndazindikira kuti sudzanena, ndipo sindikukuda. Ukudziwa zimene amalume ako anachita kwa msuweni wako Yohane atamupeza ndi ndudu ya chamba m'galaja. Anamuikira zovala panja, chisanu chili mbuu, ndipo mpaka lero mkulu wa mpingo ameneyu satchula dzina la mwana wake. Nanenso ndakhala ndikuwaopa. Zaka zonsezi akafunsa za mwendo wako ndimangoti Mulungu akuchiza, n'kusintha nkhani.

Ndisanayambe kulemba kalatayi ndawaimbira. Undikhululukire ngati ndakulanda mawu. Kwawo kunali m'mawa, anali pa makina, ndimamva kulira kwake chapatali. Titapatsana moni ndangolowa, poopa kuti ndikazungulira ndibwerera. Ndawauza kuti Limbani amamwa mafuta a chamba, madontho pansi pa lilime madzulo alionse, olembedwa ndi dokotala. Ndawauza kuti popanda amenewo sugona ndipo suyenda bwino, kuti kwawoko ndi oletsedwa, choncho uzibwera masana n'kubwerera kukagona kwako, ngakhale pa chisangalalo, ngakhale pa chisoni.



"Chamba chenicheni?" anafunsa.

"Chenicheni, achimwene."

"Ndipo iwe namwino unavomera?"

"Ndinamuperekeza ndine."

Ndinakonzeka kulandira vesi. Koma anangopuma mozama, n'kunena kuti chipinda chija adzaikamo makina osokera a alamu anga. Kenako anati, "Pa maliro anga asadzagone. Udzawauze anthu kuti ndinanena ndine." Ine ndinangoti zikomo, ngati wandipatsa madzi akumwa.

Ndiye wamva. Mwini wake wakumasula, inenso mlongo wake ndakumasula. Udzapite m'mawa, udzatumikire, udzanyamule mipando, udzalandire alendo, dzuwa likapendeka udzatsanzike n'kuwoloka kubwerera kwako. Adzanena, usakayike. Adzati ana okulira ku Ulaya alibe mwambo, adzati mayi ake sanamulange. Asiye anene, pakamwa pa anthu sipatsekera munthu m'chitolokosi. Wina akadzakufunsa maso ndi maso, udzamuuze zoona monga ndawauzira amalume ako, ndipo ukaona kuti zakukulira udzamupatse nambala yanga.

Ndikanakonda kalatayi ikanathera pamenepa, koma foni ija sinathere pamenepo. Titatsanzikana kale, ndili pafupi kudula, ndinamva akunditchula dzina langa laubwana, limene sanalitchule chimwalirire amayi. Mawu anali atatsika, kuopa anamwino a kumeneko kapena kudziopa okha, kaya. Anafunsa ngati madontho amenewo amathandizanso miyendo ikamakokana usiku. Anati akungofunsa.

Achimwene anga ndimawadziwa. Sadzakupempha mwachindunji, si anthu opempha. Adzakudikira tsiku lina mutatsala awiri pakhonde, adzasisita bondo, adzakuuza kuti chaka chino tulo sakutidziwa. Adzakufunsa mmene iwe umagonera. Ndipo iwe, amene ululu wa usiku umaudziwa kuposa munthu aliyense m'banja lathu, mtima udzakuwawa. Udzaganiza kuti ndi kabotolo kamodzi, msewu ndi waufupi, malire alibe mlonda. Kwathu mankhwala timagawana, wodwala mutu amagogoda kwa mnansi, ndipo kumana wodwala ndi nkhanza. Ndinaopa mkwiyo wawo zaka zonsezi, osadziwa kuti choopsa chidzakhala kufatsa kwawo.

Udzakane, Limbani. Udzakane mwaulemu, ndi manja awiri, koma udzakane. Munthu wa impso zotere samwa chinthu chimene dokotala wake sakuchidziwa, ndikunena ngati namwino. Udzawaperekeze kuchipatala, udzakhale pambali pawo, udzawathandize kunena za miyendoyo, poti pamaso pa dokotala amangoti ali bwino. Udzawasisite mapazi monga ndinkakuchitira. Udzawaimbire foni usiku ngati nonse muli maso. Zonsezo udzachite. Koma botolo lisadzawoloke kachikwangwani kaja, kaya m'thumba, kaya mu nsapato, kaya m'kabotolo ka nkhunda.

Ukadzawaona akuvutika udzadziona ngati woipa. Mlandu umenewo si wako, ndausenza ine lero. Ndi mchimwene wanga, bere limodzi, anandilipirira sukulu, anakunyamula tsiku limene unabadwa ine ndisanakunyamule, ndipo ndimamukonda. Koma ngati pafunika kuti wina agone ndi ululu kapena wina agone m'ndende, ndasankha kale, ndipo Mulungu adzandifunse ine.

Ukamaliza kuwerenga utsike. Mabotolo onse awiri, la nkhunda ndi la ku kiliniki lija, ali pa tebulo la pabalaza, poonekera, ndipo Amai Zulu akubwera madzulo ano kudzakupempherera. Ndiwauza ndekha chimene anadzoza nacho galimoto ya Mayi Banda. Iwe udzamwe madontho ako a lero pamaso pathu, ugone bwino, mawa ulendo ndi wautali. Otsalawo ndikapereka ku famase ndikabwerako kokuperekeza.

Mu nsapato muja ndaikamo masokosi.

Ndine mayi ako,
amene ndidzakhale maso mpaka utandiimbira kuti wadutsa pachipata.